Mfundo ya Pansi pa Bedi

Ine Dorika Namilanzi ndakhala pa pulazi lino la ku Mvurwi, kumpoto kwa Harare, kuyambira ndili ndi mano onse, ndipo amuna opusa ndawaona amitundumitundu. Wina anagulitsa ng'ombe kuti agule wailesi. Wina anakwatira mkazi chifukwa chosirira njinga ya mlamu wake. Koma amene akufuna mdzukulu wanga Tawina wawaposa onse. Iyeyu anamanga ndege m'shedi ya fodya.

Dzina lake ndi Laxon. Makolo ake ndi Achewa anzathu, koma bambo ake anamutengera ku tauni ya Ruwa ali wakhanda, n'kukamulera m'tchalitchi ndi m'galaja. Ku dambwe, kumene amuna athu amasunga zinsinsi za Gule Wamkulu, sanapondeko. Anabwera kuno kudzakonza thirakitala ya mwini pulazi watsopano, n'kupeza mafupa a ndege amene mzungu wakale anawasiya osamaliza. Wanzeru akanapangira khola la nkhuku. Iye anatha zaka ziwiri akulumikiza.

Kuuluka inauluka, sindikana. Anaikweza pa lole n'kukaiulutsa kutali, pa bwalo la phula, Tawina n'kundionetsa pa foni. Koma ataibweretsa pa bwalo lakale la pulazi lino, timatayala take tonga ta wilibala tinalowa mu una wa mfuko. Ndege inagwada, mphuno pansi, mchira m'mwamba, ngati nkhuku yojompha chimanga. Komboni yonse inaseka sabata yathunthu.

Tsiku lomwelo mwana wanga Custodio, malume ake a Tawina, amene ali mwini mbumba chimwalirireni mayi ake a mtsikanayu, anamuuza Laxon anthu akumva:

"Iwe wa ku Ruwa, mwamuna amayamba waima, kenako n'kufunsira. Ndege yakoyi ikadzathamanga bwalo ili kuchokera pa mkuyu kukafika ku damu osagwada, udzabwere ndi ankhoswe ako. Ikadzagwadanso, Tawina umuiwale."

Anapangana Loweruka lomaliza la mwezi. Ine mtima unakhala pansi. Ndinadziwa kuti chitsulocho chidzagwada.

*

Tawina ndimamuchenjeza tsiku ndi tsiku, ndiyo ntchito yanga. Usamwe madzi a pa damu, muli mankhwala a fodya. Usakwere kombi ya kondakitala wosekaseka. Usavale nsapato za mnzako. Mfundo imene umandimangira pansi pa bedi langa usakaimange pena paliponse. Munthu akakuitana ali kumbuyo kwako usayankhe. Iye amangoti, "Ehe, Gogo," maso ali pa foni.

Kuwerenga sindidziwa. Mwayi wanga ndi woti ana a masiku ano ndi aulesi, amatumizirana mawu a pakamwa, ndiye makutu anga sagona ndi njala. Lachitatu m'mawa ndikusankha nyemba pakhonde, ndinamva foni ikuyankhula m'nyumba.

"Tawi wangu, miyendo yatsopano ndamaliza kuwotcherera. Ya mapaipi, yaitali, ikundifika m'chiuno. Matayala ndapeza a njinga yamoto ya mawilo anayi ija, onenepa, ofewa, una wa mfuko angouponda osaumva. Koma ndakusowa. Ngakhale sipanala ikufunsa kuti uli kuti."

Sipanala! Malemu amuna anga aSimeon pondifunsira anabwera ndi chitenje ndi sopo. Uyu akubwera ndi moni wa sipanala. Ndipo mtsikana wa mutu wabwinobwino anayankha akuseka, "Uiuze sipanalayo kuti ndikubwera ndikaweruka ku maricho." Maricho ndiye ganyu wa kuno.

"Tawina!"

"Gogo?"

"Ku shediko ukukatani?"

"Kukamugwirira tochi."

"Masana?"

Anatuluka akumanga duku, osachita ngakhale manyazi.

"Munthu analengedwa kuti aziyenda pansi," ndinamuuza. "Ukamuona akufuna kumwamba, dziwa kuti pansi pano ali ndi mlandu."

"Gogo, inu mumaopa ngakhale ketulo ikamawira."

"N'chifukwa chake sindinapsepo."

*

Lachinayi kunabwera Silence, woimba ng'oma wa Gule, amenenso ndi kapitawo wa osankha fodya. Akuti dzina lakelo m'chizungu ndi kukhala chete. Amene anamutcha anataya dzina pachabe. Naye akufuna Tawina chaka chachitatu tsopano. Sindimukonda: amadzola mafuta onunkhira mpaka ntchentche zimadzandira, ndipo mphuno yake imalowa m'nyumba za anthu iye asanaodire. Koma ndi wovinidwa, ndipo amayenda pansi.

Anaika buledi ndi shuga pa mphasa n'kuyamba kuseka yekha.

"Gogo, mukanaona dzulo! Miyendo ya ndege ija imatambasuka ikagunda pansi, ndiye pakati pake pamafunika mphira woibweza. Mphira umene anaitanitsa ku Harare ndi wa miyendo yaifupi yakale ija, wakana. Ndiye wadula chubu cha thirakitala, wapanga malegeni. Amaikoka ndege m'mwamba ndi tcheni, matumba a mchenga pampando, n'kuisiya kuti igwe. Phu! Malegeni onse kupulumuka, ndege kutang'adza ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Kasanu konse!"

"Iwe unali kuti poona zonsezi?"

"Ndimangodutsa, Gogo."

"Kasanu konse?"

Asanayankhe, Tawina anatulukira ndi khasu paphewa. Silence anadzuka n'kukonza kolala.

"Maswera sei, Tawina? Loweruka ndi mkuja. Ndakusungira mpando pamthunzi, uonere bwino mnzako akudya dothi."

"Zikomo, achimwene. Mpandowo mukhalepo nokha, miyendo yanu ndiyo yatopa ndi kuzungulira shedi ya eni."

"Ine ndili ndi nyumba ya malata, Tawina. Iye ali ndi chiyani? Mapiko?"

"Nyumba ya malatayo ndi ya mwini pulazi. Inu muli ndi kiyi."

Analowa m'nyumba. Silence anatsala akuyang'ana buledi wake ngati akufuna kumubweza.

"Mundiyankhulire, Gogo."

"Dikira Loweruka," ndinatero. "Mfuko ikuyankhulira."

*

Lachisanu masana Tawina sanabwere kudzadya. Ndinatenga ndodo yanga n'kutsata. Kuseri kwa shedi kuli lata lobooka pamene panali msomali, ndipo diso langa limakwana bwino pamenepo.

Chitsulo chija chinali lende pa tcheni, miyendo yatsopano ili zyolizyoli ngati ya kakowa. Laxon anali atakhala pa ndowa, mutu uli m'manja.

"Silence wandiuza kuti agogo ako amulandira kale," ankatero. "Akuti adya buledi wake."

"Agogo amadya buledi wa aliyense. Ndiye iwe wamukhulupirira?"

"Mawa ndichita manyazi, Tawi. Ndamanga mfundo zonse zimene ndikudziwa. Legeni akatambasuka amaonda, akaonda amapulumuka. Mwina ndibwerere ku Ruwa anthu asanandisekenso."

"Bwerera. Undisiyire sipanala, ndiyo inali ndi mtima wondifunsa."

"Tawi..."

"Choka apo, ndione."

Tawina anatola malegeni n'kugwada pansi pa mimba ya ndege. Ndinaona manja ake. Anazunguliza katatu chokwera, kulowera kumanzere. Anapingasa. Anatsika kasanu ndi kawiri, aliyense akuluma mnzake ngati msana wa njoka, nsonga n'kuibisa m'kati kuti pasaoneke poyambira kapena pothera.

Ndodo inandigwa m'manja.

Ndinena kamodzi, chapansipansi. Ife akazi timadziwa chinthu chimodzi chokha: zilombo za Gule zimatuluka kumanda ndi miyendo yawo. Makanja, chilombo chachitali chija chimene chimasuzumira pamwamba pa madenga, nachonso chimabadwa chotero, ndipo nsalu zake zimafika pansi. Zina si zathu. Koma chaka chimene ndinali ndi mimba ya Custodio, mwendo wa bedi lathu unathyoka, ine n'kugwa. ASimeon, amene anali wamkulu ku dambwe, anachita mantha. Anatseka chitseko, n'kumanga mwendowo ndi legeni mwa njira imene sindinaionepo. Atamaliza anati, "Nyumba ino yaona chosayenera kuona mkazi. Usadzayang'ane pansi pa bedi." Ndinayang'ana tsiku lomwelo. Chaka chotsatira mphepo inakweza nsalu ya Makanja pabwalo kamphindi, ine n'kuona mfundo yomanga miyendo yake, n'kuzindikira chimene chinali pansi pa bedi langa.

ASimeon atamwalira, mphira ukafumbwa ndinkamanganso ndekha. Nyamakazi itapinda zala zanga, ndinamuphunzitsa Tawina. Sindinamuuze kuti ndi chiyani. Wosadziwa alibe mlandu. Ndinangomuchenjeza, pakati pa madzi a damu ndi nsapato za mnzake.

Laxon anamasula tcheni. Ndege inagwa, miyendo inatambasuka, n'kubwerera. Inadumpha kamodzi n'kuima nji. Anaikwezanso, inaimanso.

"Tawi! Ikalemedwa ndi pamene ikumangika! Unaiphunzira kuti?"

"Ndi mfundo ya bedi chabe."

Anamunyamula m'mwamba, mdzukulu wanga, ngati thumba la feteleza. Ndinalowa osaodira.

Laxon anamutsitsa msangamsanga, n'kunjuta, n'kuyamba kuomba m'manja ngati Mshona. Manja akuda bii ndi girisi.

"Ambuya, takulandirani. Khalani pa ndowa iyi."

"Ndowa ukhalepo wekha. Masulani chimene mwamangacho."

"Gogo!" anatero Tawina. "Yagwira koyamba lero!"

"Ndinakuuza chiyani za mfundo imeneyi?"

"Munandiuzanso kuti ndisadye mango a mtengo wopendekeka. Chalakwika n'chiyani?"

Ndikanayankha bwanji? Ndikanamuuza, akanakhala mkazi wodziwa za ku dambwe, mlandu n'kukhala wake. Ndinatembenukira kwa mwini chitsulo.

"Iwe, kwanu ku Ruwa zinthu zimayenda maliseche? Mawa kubwera akuluakulu, ndiye chinthu chako chikatang'adze miyendo pamaso pawo? Chiveke. Kulunga masaka m'miyendomo, pasaoneke legeni ngakhale mmodzi."

Anayang'ana Tawina, akulimbana ndi kuseka.

"Ambuya, mphepo ing'amba."

"Ndati chiveke."

"Zvakanaka, ambuya. Ndichiveka."

Ulemu ali nawo, sindikana. Ngakhale mbuzi imagwada pomwa madzi.

*

Loweruka dzuwa lisanakwere komboni yonse inali pa bwalo. Amayi anasiya maricho, mwini pulazi anaimitsa galimoto yake kutali n'kumaonera pawindo. Custodio anakhala pa mpando pansi pa mkuyu, akuluakulu a ku dambwe ali mbali ndi mbali. Silence anali atavala jekete.

Atakankhira ndege panja, anthu anafa nacho chiseko.

"Yavala thalauza!"

"Mkamwini waiveka masaka, akuopa kuti izizidwa!"

Ine sindinaseke. Ndinkawerenga mawaya omangira masakawo.

Laxon anakwera, injini inalira, fumbi linatiphimba. Chitsulo chinanyamuka pa mkuyu chikugwedezeka ngati woledzera. Chinaponda mauna a mfuko, matayala onenepa aja n'kungomeza. Chinagunda kachulu, mwendo umodzi unatambasuka mpaka amayi anakuwa, koma unabwerera. Chinathamanga, chinathamanga, matayala n'kusiya pansi kamphindi, n'kuteranso, n'kudumpha, n'kukaima m'mbali mwa damu mphuno ili m'mwamba. Anaitembenuza n'kubwera nayo mpaka pamaso pa Custodio.

Anthu omwe aja anaseka sabata yathunthu ndi amene anayamba nthungululu. Anthu a pa komboni ali ngati udzu wa pa damu, amagonera kumene kwalowera mphepo. Tawina anathamanga, duku kugwa, osalitola.

Custodio anadzuka akupukusa mutu, akumwetulira.

"Mawu anga sindimeza. Iwe wa ku Ruwa, uwauze ankhoswe ako..."

"Dikirani, mudhara."

Anali Silence. Anali atanjuta pafupi ndi tayala. Udzu ndi mphepo zinali zitang'amba saka la mwendo wa kumanja, likulendewera. Anakoka chotsalacho n'kuchitaya.

"Akuluakulu, tabwerani muone thalauza limabisa chiyani."

Anabwera mmodzimmodzi. Aliyense akawerama, nkhope imasintha. Nthungululu zinazima zokha. Mkulu wina anavula jekete n'kuphimba mwendowo, n'kukuwa kuti amayi ndi ana abwerere m'mbuyo. Ine ndinabwerera mapazi awiri okha. Nkhalamba saiwerengera.

"Wamanga ndani ichi?" anafunsa Custodio. Mawu ake anali otsika.

Tawina anatsegula pakamwa. Laxon anayang'ana nkhope za amuna aja, n'kuyang'ana Tawina, n'kuima kutsogolo kwake.

"Ndine, sekuru. Ndamanga ndekha."

"Unaiona kuti?"

Akanati ku Ruwa. Akanati m'buku, pa foni, kumaloto. Koma munthu wosavinidwa sadziwa kumene kuli moto.

"Ndinaiona kuthengo, ndikuyeza bwalo. Penapake uko."

Anatambasula dzanja osayang'ana n'komwe. Chala chake chinaloza nkhalango ya kuseri kwa manda.

"Mwamva nokha!" anakuwa Silence. "Wasuzumira ku dambwe! Watenga za mizimu n'kumangira chidole chake, n'kuziika poyera pamaso pa akazi! Ameneyu ndiye mkamwini wanu, mudhara?"

"Akunama!" Tawina analira. "Malume, ndine nda..."

"Tawi, nyarara, khala chete," anatero Laxon. "Ndati ndine."

Custodio anawerama, n'kukweza jekete, n'kuyang'ana mfundo ija nthawi yaitali. Anaisisita ndi chala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kenako anadzuka.

"Ndege yaima, ndaona. Koma za ankhoswe ziime. Mawa akuluakulu akhala pansi. Zikapezeka kuti unapondadi kumeneko, miyendo iyi tiidula, iwe uchoka pa pulazi lino, ndipo dzina la Tawina usadzalitchulenso."

Ndicho chimene ndinkafuna mwezi wonse. Chinabwera chokha, ine osatulutsa liwu. Silence anandiyang'ana akumwetulira ngati tapha nyama limodzi. Tawina naye anandiyang'ana. Sanalire. Anangondiyang'ana monga mmene ine ndimayang'anira anthu.

*

Anthu akadali m'magulumagulu pa bwalo, ine ndinali nditafika kale kunyumba. Sindinadziwe kuti miyendo yangayi ingathamange chotero. Ndinatenga mpeni wosendera mbatata, n'kugwada, n'kukwawira pansi pa bedi.

Ikapezeka mfundo ija m'nyumba mwanga, dzina la aSimeon lifukulidwa m'manda n'kupondedwa. Mkulu wa dambwe kuulula chinsinsi chifukwa cha bedi la mkazi! Custodio sadzakhalanso pa mpando pakati pa anzake. Ine adzanditulutsa pa komboni, ndipo ndikapita kuti? Ku Malawi ndinachoka ndili kumsana, sindidziwa ngakhale mtengo umodzi wa kumeneko. Wa ku Ruwa ali ndi kwawo. Achoke iye. Anadzinamizira yekha, sindinamutume.

Mphira wa thirakitala ndi wouma, zala zanga n'zopindika. Ndinacheka, ndinacheka, mpeni ukungoterereka.

Chitseko chinalira. Ndinaona nsapato ziwiri zafumbi zikulowa, n'kuima. Kenako bedi linalira pamwamba panga, munthu atakhalapo. Mfundo inamangika pamaso panga, n'kuluma mpeni wanga osautaya.

"Amayi," anatero Custodio. "Tulukani pansipo."

"Ndikufuna singano yanga."

"Ndi mpeni?"

Ndinatuluka chafutambuyo, ndodo palibe, ulemu palibe. Tawina anali ataima pakhomo, mutu uli pamtunda, maso ofiira.

"Mnyamata uja sadziwa kunama," anatero Custodio, akuyang'ana manja ake. "Ku dambwe tonse timamanga chozungulira kumanja. Mfundo ya pa ndege ija yazungulira kumanzere. Wamanzere analipo mmodzi yekha, ndipo tinamuika m'manda Laxon asanamve n'komwe dzina la Mvurwi."

Anagogoda thabwa la bedi ndi chala.

"Ndinabadwira pa bedi ili. Sindinaliyang'anepo kunsi, ndipo lero sindiliyang'ana. Ndikayang'ana ndiyenera kukanena, ndipo mwana sakanena bambo ake. Koma mawa akuluakulu akandifunsa ngati pali wina wodziwa kanthu. Ine ndikakhala chete. Silence sanaone za kumanzerezi, maso ake anali pa Tawina."

"Ndiye zatha," ndinatero. "Wa zitsuloyo achoke."

"Akachoka ndipita naye," anatero Tawina. "Kapena ndikaima ndekha pabwalo mawa, ndikanene kuti anamanga ndine. Akandifunsa anandiphunzitsa ndani, Gogo, ndikayankhe chiyani? Ndichenjezeni. Lero ndikumvetsera."

Foni inalira m'manja mwake. Anaitsegula dala kuti tonse timve.

"Tawi, usanene kanthu mawa. Sindikudziwa kuti ndalakwa chiyani, koma ndisenza. Uwauze ambuya kuti pepani, ndinaiveka monga ananenera. Waya ndi amene anali wochepa."

Chitsiru. Chitsiru chenicheni, chopepesa waya. Pa amuna onse a m'Mashonaland muno, amene anaima kutsogolo kwa mdzukulu wanga ndi ameneyu, wobwera ndi moni wa sipanala.

Custodio anadzuka. Bedi linapepuka, mfundo inapuma, mpeni wanga n'kugwa pansi, ngwe.

"Akuluakulu akhala pansi pa mkuyu tikatuluka m'tchalitchi, amayi," anatero ali pakhomo. "Mpando wanu ndiunyamule, kapena ndiusiye?"